Ana a pachilumba, mapasa ndi ana a ku Romania: momwe kafukufuku anachotsera mlandu pa amayi

Kudera limene ndinakulira kunali mnyamata wina amene sankalankhula. Tsiku lonse ankakhala pakhonde akuzunguza chivindikiro cha poto, chikagwa n'kuchitola, n'kuyambiranso. Ukamuitana dzina sankatembenuka, koma chigayo chikangoyamba kulira chapatali ankatseka makutu ndi manja onse awiri n'kumakuwa. Anthu mayankho anali nawo kale. Ena ankati bambo ake anamukhwimira kuti golosale iziyenda, ena ankati mayi ake anaphwanya mwambo ali woyembekezera, enanso ankangoti ndi kulera koipa. Mayiwo anafika pomakatunga madzi m'bandakucha, kumjigo kusanadzaze anthu.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti kuloza chala mayi chonchi ndi khalidwe la kwathu kokha. Ndinadzadabwa nditawerenga kuti madokotala a m'mayunivesite otchuka a ku America ndi ku Ulaya anachita zomwezo kwa zaka zambiri, kungoti iwo ankazilemba m'mabuku. Chimene chinawatembenuza si chifundo ayi. Anali kafukufuku wodekha, wowerenga ana mmodzimmodzi ndi kuwadikira kuti akule. Nkhani ya kafukufuku ameneyu imazungulira kwambiri pa munthu mmodzi, dokotala wa ku Britain dzina lake Michael Rutter, amene anabadwa mu 1933 n'kumwalira mu 2021.

Mu 1943, dokotala wina wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, Leo Kanner, analemba za ana 11 amene anali ndi makhalidwe ofanana ndi a mnyamata wa pakhonde uja: kusalabadira anthu, kubwereza chinthu chimodzimodzi, kukwiya koopsa zinthu zikasintha malo. Vutoli ndi limene masiku ano limatchedwa autism. Kanner analifotokoza bwino vutoli, koma anawonjezerapo kuti makolo a anawo ankaoneka osasangalalira ana awo. Mawu amenewo anamera mizu. Panabuka chiphunzitso chakuti mayi wozizira mtima ngati firiji ndiye amachititsa mwana kudzitsekera m'dziko lakelake, ndipo Bruno Bettelheim wa ku Chicago anachifalitsa kwambiri ndi buku lake la mu 1967. Tangoganizani mayi amene watopa kale ndi mwana wosagona usiku, wafika kwa katswiri kuti athandizidwe, katswiriyo n'kumuuza kuti gwero la matenda ndi iyeyo. Bernard Rimland, katswiri wa maganizo amenenso anali bambo wa mwana wa autism, anatsutsa zimenezi mu 1964 ponena kuti vutoli lili mu ubongo, koma umboni wogwirika unali usanapezeke.

Rutter sanayambire pa autism. Ntchito imene inamutchukitsa inachitikira pa chilumba cha Isle of Wight, kummwera kwa England, mu 1964 ndi 1965. Kufikira nthawi imeneyo, zambiri zimene madokotala ankadziwa za matenda a maganizo a ana ankazitenga kwa ana amene abweretsedwa kuchipatala. Vuto la njira imeneyi aliyense wa kwathu kuno angalimvetse: amene amafika kuchipatala ndi amene ali ndi ndalama yoyendera, kapena amene matenda awo afika povutitsa mudzi wonse. Mwana wachete amene akuvutika mumtima, palibe amamunyamula. Choncho Rutter ndi anzake, Jack Tizard ndi Kingsley Whitmore, anaganiza zofufuza ana onse a msinkhu umodzi pachilumba chonsecho, odwala ndi osadwala omwe. Anapereka mapepala a mafunso kwa aphunzitsi ndi kwa makolo a ana oposa 2,000 a zaka 10 ndi 11. Ana amene mayankho awo anaonetsa chikayikiro anawaitana n'kucheza nawo pamasom'pamaso, iwo ndi makolo awo.

Anapeza kuti pafupifupi ana 7 pa 100 alionse anali ndi vuto la maganizo kapena la khalidwe lofika posokoneza moyo wawo. Chiwerengerochi n'chofunika, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi zina zimene zinatulukira m'mbali. Choyamba, ana amene aphunzitsi ankawaona kuti ali ndi vuto sanali omwewo amene makolo ankawadandaula. Magulu awiriwa ankangokumana pang'ono. Mwana akhoza kukhala mkango m'kalasi koma nkhosa kunyumba, kapena kumalira usiku uliwonse pamene mphunzitsi akumuona ngati wabwinobwino. Kuyambira pamenepo, wofufuza aliyense wodziwa ntchito yake safunsa munthu mmodzi yekha za mwana. Chachiwiri, kulephera kuwerenga ndi khalidwe lovuta zinkayendera limodzi kawirikawiri. Mwana amene timamutcha wosamva, wothawa sukulu, wa ndewu, nthawi zambiri amakhala yemwe uja zilembo zikumuzungulira mutu. Chachitatu, ana a khunyu ndi matenda ena a ubongo anali ndi mavuto a maganizo mochuluka kangapo kuposa anzawo, kuposanso ana amene anali ndi matenda ena aakulu osakhudza ubongo. Apa panaoneka kuti khalidwe la mwana lili ndi phata m'thupi, si nkhani ya kaleredwe kokha.

Atachoka pachilumbapo anakachita zomwezo m'dera lina la anthu osauka mkati mwa London, ndipo kumeneko mavuto anapezeka ochuluka pafupifupi kawiri. Sikuti ana a mu mzinda anabadwa mosiyana. Kunali mikangano yambiri m'mabanja, makolo odwala maganizo, nyumba zothithikana, ndi masukulu amene aphunzitsi ankangosinthasintha. Kafukufuku wina wa gulu lake, wofalitsidwa mu 1979, anatsatira ana m'masukulu a sekondale 12 a mu London n'kupeza kuti sukulu payokha imasintha mwana: masukulu olandira ana ofanana ankatulutsa ana osiyana, malinga ndi momwe sukuluyo ikuyendetsedwera. Mu 1973 Rutter anakhala pulofesa woyamba wa matenda a maganizo a ana m'dziko la Britain, ku Institute of Psychiatry, pafupi ndi chipatala cha Maudsley.

Nkhani ya amayi anaigwira kawiri. Koyamba kunali kuyankha John Bowlby, amene mu 1951 analembera bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lipoti lonena kuti mwana wamng'ono amafunika chikondi chosadukiza cha mayi wake, ndipo kumulekanitsa naye kumasiya bala losapola. Lipotili linachita zabwino zambiri, mwachitsanzo linathandiza kuti zipatala ziyambe kulola makolo kukhala pafupi ndi ana awo ogonekedwa. Koma anthu ena analigwiritsa ntchito poopseza amayi opita kuntchito. Rutter, amene iyeyo ali mwana anatumizidwa ku America nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kukaleredwa ndi banja lina kwa zaka zingapo, anasanthulanso umboni wonse n'kutulutsa buku mu 1972. Anasonyeza kuti mawu akuti kusowa mayi ankaphatikiza zinthu zosiyana. Mwana amene mayi ake amwalira koma akuleredwa mwachikondi ndi ena sali chimodzimodzi ndi mwana amene makolo alekana patatha zaka za ndewu, ndipo onsewa sali chimodzimodzi ndi mwana amene sanakhalepo ndi munthu womukonda. Chowononga kwambiri ndi mkangano ndi kusowa womusamala, osati kulekana pakokha. Anatinso mwana amatha kukondana kwambiri ndi anthu angapo, osati mayi yekha. Kwa ife amene tinakulira pamsana pa agogo, tikudya kwa azakhali ndi kulipiriridwa fizi ndi amalume, izi si zachilendo. Koma kumeneko zinafunika munthu wozitsimikiza ndi manambala.

Kachiwiri kunali pa autism penipeni, ndipo apa anagwiritsa ntchito mapasa. Nzeru yake ndi yosavuta. Mapasa ena amachokera ku dzira limodzi ndipo chibadwa chawo n'chimodzi, ena amachokera ku mazira awiri ndipo amangofanana ngati abale wamba. Koma mitundu yonse iwiri imaleredwa ndi mayi mmodzi, m'nyumba imodzi, nthawi imodzi. Ngati vuto lili kwa mayi, mitundu yonse iwiri iyenera kukhudzidwa mofanana. Susan Folstein, dokotala wachitsikana wa ku America amene ankagwira ntchito ndi Rutter, anayenda dziko la Britain kufunafuna mapasa amene mmodzi mwa iwo anali ndi autism. Anapeza mapeya 21. Pa mapeya 11 a dzira limodzi, 4 anali ndi autism onse awiri, ndipo ambiri mwa otsalawo mnzakeyo anali ndi vuto lina la kalankhulidwe kapena kaphunziridwe. Pa mapeya 10 a mazira awiri, panalibe ngakhale peya imodzi imene onse awiri anali ndi autism. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 1977. Mapeya 21 ndi ochepa, ndipo eni akewo ankadziwa zimenezo, koma kafukufuku wamkulu wotsatira m'mayiko angapo anatsimikiza mfundo yomweyo: autism imadalira kwambiri chibadwa. Chiphunzitso cha mayi wozizira mtima chinafera pamenepo.

Ndiyeno mbiri inabweretsa chinthu chimene palibe wofufuza wa umunthu akanachikonza dala. Mu 1966, Nicolae Ceaușescu, wolamulira dziko la Romania, analetsa kuchotsa mimba pofuna kuti anthu achuluke, ndipo njira zolerera zinkasowa. Mabanja osauka anabereka ana amene sakanatha kuwadyetsa, n'kumawasiya m'nyumba za boma zosungira ana. Ulamuliro wake utagwa mu December 1989, atolankhani analowa m'nyumbazo. Anapeza makanda atandandalikidwa m'timabedi ta zitsulo, chipinda chonse chili zii, chifukwa mwana amene walira miyezi popanda womunyamula amasiya kulira. Ena ankangodzigwedeza uku ndi uku. Botolo la mkaka ankangolitsamiritsa pa pilo, mlezi n'kupita kwa wina. Mabanja ambiri a ku Britain anapita kukatenga ena mwa anawa kuti akawalere ngati awo.

Rutter ndi gulu lake anatsatira ana 165 a ku Romania, ambiri mwa iwo ochokera m'nyumba zimenezi, n'kumawayerekeza ndi ana 52 obadwira ku Britain konko amenenso analeredwa ndi mabanja ena kuyambira ali makanda. Anawayeza ali ndi zaka 4, 6, 11, 15, mpaka atapitirira zaka 20. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kunatenga zaka zoposa makumi awiri.

Zimene anapeza zili ndi mbali yotonthoza ndi mbali yowawa. Ana amene anachotsedwa m'nyumba zija asanakwanitse miyezi 6 anachira pafupifupi kotheratu, ngakhale anafika ku Britain ali onyentchera ndi otsalira m'zonse. Amene anakhalitsa kupitirira miyezi 6 ambiri anatsala ndi zipsera za mtundu wakewake: kusakhazikika ndi kulephera kutchera khutu, kuzolowera mlendo aliyense mopanda mantha mpaka kumutsatira, kuvutika kuphunzira, ndi makhalidwe ena ofanana ndi autism. Lipoti la mu 2017 la gululi, lotsogoleredwa ndi Edmund Sonuga-Barke, linasonyeza kuti vuto la nzeru linapepuka anawo atakula, koma kusakhazikika kunapitirira, ndipo nkhawa ndi kukhumudwa zinadzatulukira mochedwa, ali achinyamata. Komabe mwa okhalitsa aja, pafupifupi mmodzi pa asanu alionse anakula popanda vuto lililonse. Chifukwa chake ana ena amapirira pamene anzawo agonja ndi funso limene Rutter analitsatira moyo wake wonse.

Wina angafunse kuti kodi izi sizikutsutsana ndi za mapasa zija? Uku akuti chibadwa, uku akuti kaleredwe. Sizikutsutsana. Zimene zinachitikira ana a ku Romania si kulera kolakwika kwa mayi wotopa, ndi kusowa kulera kotheratu, chinthu chimene sichichitika m'banja wamba ngakhale losaukitsitsa. Ubongo wa khanda umakula podalira nkhope yoliyang'ana, mawu olinyengerera ndi manja olinyamula. Zochepa chabe za zimenezi zimakwanira, koma zikasoweratu ubongo umapunduka. Kafukufuku wina wa akatswiri a ku America, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, anachitikira ku Bucharest komweko pa ana 136. Theka la anawo anawapezera mabanja owalera mwa mayere, theka linatsala m'nyumba za boma. Opita kumabanja anachita bwino, makamaka amene anapita asanakwanitse zaka 2. Anthu anatsutsana kwambiri ngati kunali koyenera kuchita mayere pa miyoyo ya ana, ndipo ine ndimaona kuti funsolo ndi lolemera ndithu. Koma umboni umenewu ndi umodzi mwa mizati ya mfundo imene mabungwe oona za ana amalimbikitsa masiku ano, ndi kwathu kuno komwe: mwana wamasiye, makamaka wakhanda, asungidwe m'banja, kwa achibale ngati n'kotheka, osati m'nyumba ya ana ambirimbiri, ngakhale nyumbayo ikhale ya malata owala ndi chakudya katatu pa tsiku.

M'mayunivesite, kukula kwa ntchito ya wofufuza amakuyeza powerenga kuti ndi anzake angati amene atchula zolemba zake m'zolemba zawo. Pa muyeso umenewu Rutter ali m'gulu la pamwamba, ndi zolemba mazanamazana ndi mabuku ambiri. Koma muyesowu ndimaukayikira, ndipo mbiri ya nthambi yomweyi ikupereka zifukwa.

Mu 1998, Andrew Wakefield ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani ya ana 12, imene inachititsa anthu kukhulupirira kuti katemera wa MMR, woteteza chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism. Makolo ambiri ku Britain anasiya kubayitsa ana, chikuku n'kubwerera. Kafukufuku wa ku Denmark wa ana oposa 500,000, wofalitsidwa mu 2002, sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayo ndi autism. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo cha udokotala. Nkhani yakeyo yatchulidwa kambirimbiri, nthawi zambiri ndi anthu oitsutsa, koma muyeso uja susiyanitsa kutchula koyamikira ndi kutchula kodzudzula. Ndipo mphekesera yake ikuyendabe pa WhatsApp mpaka lero.

Chitsanzo china n'chovuta kuposa ichi, chifukwa mulibe chinyengo. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, ofufuza akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali ana. Ndi kafukufuku wamtengo wapatali. Ndiye anasonyeza kuti mwa anthu amene anali ndi matenda a maganizo pa zaka 26, theka anali atayamba kale kudwala asanakwanitse zaka 15, kutanthauza kuti matenda ambiri amene timawaona mwa akuluakulu mizu yake ili ku ubwana. Mu 2003, Avshalom Caspi ndi Terrie Moffitt anafalitsa kuchokera m'kafukufuku yemweyu kuti kachidutswa kena ka chibadwa kamachititsa anthu ena kugwa m'matenda a kukhumudwa akakumana ndi mavuto. Dziko la sayansi linasangalala, nkhaniyo inatchulidwa maulendo zikwizikwi, ndipo ofufuza ambiri anathera zaka ndi ndalama potsatira njira imeneyo. Koma pamene ena anasonkhanitsa zotsatira zambiri mu 2009, ndi pamene gulu lina linayeza anthu mazana a zikwi mu 2019, mgwirizanowo sunaoneke. Masiku ano akatswiri ambiri amavomereza kuti matendawa sachokera ku kachidutswa kamodzi, koma ku tizidutswa tambirimbiri, kalikonse kothandizira pang'ono chabe.

Ngati mukufuna kuona pamene ntchito ya Rutter inalowerera zenizeni, yang'anani zida zimene anthu amagwiritsa ntchito osakumbukiranso kumene zinachokera. Mapepala a mafunso a pa Isle of Wight aja ndiwo anabala pepala la mafunso 25 limene Robert Goodman anakonza mu 1997, lodziwika ndi zilembo zakuti SDQ. Limafunsa kholo kapena mphunzitsi zinthu zapafupi: kodi mwanayu amadandaula mutu kapena m'mimba kawirikawiri, kodi amakhala yekhayekha, kodi amagawana zinthu ndi anzake. Lamasuliridwa m'zinenero zambirimbiri ndipo likugwira ntchito m'makontinenti onse. Njira ziwiri zimene zipatala zambiri zimadalira poyeza autism, ADI-R ndi ADOS, Rutter anazikonza pamodzi ndi Catherine Lord, Ann Le Couteur ndi anzawo ena.

Koma zida zimenezi zinasulidwira ana a kwina. Pafupifupi ana 9 pa 10 alionse a dziko lapansi amakhala m'mayiko osauka ndi apakatikati, pamene kafukufuku wochuluka wachitikira ku Ulaya, ku North America ndi ku Australia ndi New Zealand. Izi zili ndi zotsatira zake. Chizindikiro chimodzi chimene madokotala amayang'ana pa autism ndi chakuti mwana sayang'ana munthu m'maso. Nanga mwana wa kwathu amene waphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, amene amagwada n'kuzolika polankhula ndi agogo ake? Woyeza wosadziwa mwambo akhoza kuona matenda pamene pali ulemu, kapena kuphonya matenda poganiza kuti ndi ulemu. Mayeso ena amafuna mwana akwere masitepe kapena aseweretse zidole zimene sanazionepo chibadwire. N'chifukwa chake ntchito ya Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre ili yofunika. Mu 2010 anafalitsa chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene anachikonza atayamba afunsa anthu a m'midzi zimene iwo amayembekezera kwa mwana wa msinkhu uliwonse, ndipo chimagwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Chidachi tsopano chikugwiritsidwa ntchito m'mayiko enanso.

Palinso mafunso amene pa Isle of Wight sakanafunsidwa n'komwe, chifukwa kumeneko kulibe malungo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa kafukufuku wa malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana amene anakomoka ndi malungo n'kutsitsimuka. Lipoti lawo la mu 2010 linasonyeza kuti ena mwa anawa, ngakhale anatuluka m'chipatala akuoneka ochira, patapita miyezi anayamba kugwa khunyu, ndipo ena anasintha khalidwe: ukali, ndewu, kusakhazikika. Ndi mfundo ija ya pachilumba yakuti ubongo ukavulala khalidwe limasintha, koma yapezeka pakhomo pathu, ndi gwero lathulathu. Mayi amabwera naye mwana kunyumba akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka. Chaka chotsatira mwana yemweyo akumenya anzake, sakukhala pansi m'kalasi ya ana oposa 100, aphunzitsi akumubweza, ndipo pamudzi ayamba kale kunong'onezana za amene anamulodza. Kawirikawiri palibe amene anawauza mayiwo potuluka m'chipatala kuti zoterezi zikhoza kubwera, kapena kuti akaziona abwerere naye.